BOMA ndi PIM: Kuunika Mafotokozedwe a Magwero a Maina Aŵiri a ku Chiradzulu

1. Mau Oyamba

Pali chiphunzitso chimene chafala pakati pa anthu ophunzira m'Malaŵi muno, chonena kuti liu lakuti boma ndi chidule cha mau anai a Chingerezi amene atsamunda adatisiyira. Chiphunzitsochi chimamveka m'makalasi, m'macheza a anthu a m'maofesi ndiponso m'nkhani zimene alendo odzaona dziko lino amauzidwa. Amene amachifotokoza amatero mosakayika konse, monga munthu woulula chinsinsi chimene anzake sadachitulukire, ndipo omvera kaŵirikaŵiri amachilandira mokondwa chifukwa chimamveka chanzeru. Cholinga chathu m'pepala lino ndi kuyesa chiphunzitsochi pa muyeso wa umboni, kuti tione ngati chiyenera kupitiriza kuphunzitsidwa.

Tasankha kuima pa Chiradzulu pochita kafukufukuyu chifukwa m'dera limeneli muli malo aŵiri odziŵika bwino amene maina ake atithandiza. Malo oyamba ndi pa Boma, pamene pali likulu la ulamuliro wa dera lonselo. Malo achiŵiri ndi ku PIM, kumene kuli mishoni imene John Chilembwe adayambitsa. Dzina lachiŵirili ndi chidule chenicheni cha Chingerezi, ndipo mbiri yake ikhoza kulondoledwa chaka ndi chaka. Tikaona mmene chidule chenicheni chimabadwira ndi mmene chimakulira, tidzakhala ndi poyambira poweruza mlandu wa dzina loyambalo.

2. Mitundu ya Zidule ndi Njira Yoziyesera

Zidule za Chingerezi zimene zidaloŵa m'Chicheŵa tikhoza kuziika m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zidule zimene timatchula lembo limodzilimodzi, monga DC, TA, ARV ndi PIM yemweyo. Gulu lachiŵiri ndi la zidule zimene malembo ake amaŵerengeka pamodzi ngati liu limodzi, monga ADMARC, bungwe logula ndi kugulitsa mbeu limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, limene alimi amalitchula kuti Adimaki. Gulu lachitatu ndi la zidule zimene zidasulidwa kuti zigwirizane ndi maphatikizo a chilankhulo chathu. Chitsanzo chabwino ndi Wenela, dzina lochokera ku malembo akuti WNLA, oimira Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba amuna ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Malembo anai amenewo sakadatheka kutchulidwa pamodzi popanda kuikamo malembo a liu, ndipo pakamwa pa anthu padatuluka liu losalala limene lero ndi dzina la malo ena mu mzinda wa Blantyre.

Amene amati boma ndi chidule amaliika m'gulu lachiŵiri. Kuti mau ao aime, pafunika zinthu zitatu. Choyamba, payenera kukhala bungwe kapena chinthu chimene chidakhalapodi ndi dzina lalitalilo, ndipo dzinalo lipezeke m'makalata, m'malamulo kapena m'malipoti a nthaŵi yake. Chachiŵiri, dzina lalitali liyenera kutsogola, chidule chibwere pambuyo, pakuti mwana sabadwa make asanabadwe. Chachitatu, chidule cha bungwe limodzi chiyenera kumasuliridwa m'njira imodzi, chifukwa bungwe silikhala ndi maina atatu osiyana pa chidindo chimodzi.

Njira imeneyi si yachilendo kwa akatswiri a zilankhulo. Chidule chotchuka cha OK chidapatsidwa magwero ambirimbiri: ena ankati chidachokera ku Chigiriki, ena ku chilankhulo cha Achoctaw a ku America, ndipo ena ku dzina la munthu. Mkanganowo udazizira pamene Allen Walker Read, m'zaka za 1963 ndi 1964, adafukula nyuzipepala zakale napeza chidulecho mu Boston Morning Post ya pa 23 March 1839, m'mene chidalembedwa mwanthabwala kuimira mau akuti all correct olembedwa molakwitsa dala. Adaonetsanso kuti chidafala m'chaka cha 1840 pa chisankho cha pulezidenti, pamene otsatira Martin Van Buren adachigwirizanitsa ndi dzina lake lachibwana lakuti Old Kinderhook. Chimene chidaweruza mlanduwo ndi tsiku lolembedwa pa pepala. Ifenso tifunsa funso lomwelo: liuli lidalembedwa liti koyamba, ndipo adalilemba ndani?

3. PIM: Gwero Limodzi, Matanthauzo Ambiri

John Chilembwe adapita ku America pamodzi ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira pa sukulu ya zaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerera m'chaka cha 1900, mothandizidwa ndi National Baptist Convention, adakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe m'dera la Chiradzulu. Poyamba dzina lake lidali Ajawa Providence Industrial Mission, ndipo liu lakuti Ajawa lidali dzina limene Azungu a masiku amenewo ankatchulira Ayao. Liu loyambalo lidagwa, natsala mau atatu amene adatipatsa malembo akuti PIM.

Lililonse la mau atatuwo lili ndi mbiri yake. Providence ndi chisamaliro cha Mulungu pa zolengedwa zake. Industrial silinkanena za mafakitale monga tingaganizire lero ai, koma za mtundu wa mishoni imene inkaphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja kuti izidzidalira yokha, monga idaliri Zambezi Industrial Mission imene Booth adayambitsa ku Mitsidi m'chaka cha 1892. Motero dzinalo lidakwanira m'nthaŵi yake ndipo limagwirizana ndi maina ena a m'zaka zomwezo. Zofunika zathu zitatu zija zakwaniritsidwa: bungwe lidalipo, dzina lalitali lidatsogola, ndipo kumasulira kwake n'kumodzi.

Chimene chachuluka pa PIM ndi matanthauzo. Taonani ziganizo izi:

(1) Agogo athu adabatizidwa mu mpingo wa PIM.
(2) Galimotoyi ikupita ku PIM.
(3) Mwana wadwala, tapita naye ku PIM.
(4) Chaka chino mwambo wa pa 15 January udzachitikira ku PIM.

M'chiganizo choyamba PIM ndi mpingo, umene uli ndi nthambi kutali ndi Chiradzulu. M'chiganizo chachiŵiri ndi malo, pamodzi ndi msika ndi midzi yozungulira, kotero kuti Msilamu kapena Mkatolika akhoza kunena kuti kwao ndi ku PIM popanda kutanthauza kanthu za chipembedzo. M'chiganizo chachitatu ndi chipatala chaching'ono cha pamalopo. M'chiganizo chachinai ndi malo a chikumbutso cha fuko, kumene anthu amasonkhana pa tsiku la Chilembwe. Wolankhula sayenera kudziŵa Chingerezi kuti agwiritse ntchito dzinali moyenera, ndipo ambiri amene amalitchula tsiku ndi tsiku salingalira konse za mau atatu aja. Chidulecho chasanduka dzina la malo, ndipo pakamwa pa apaulendo chaphimba dzina lakale la Mbombwe.

Tiyenera kukumbukiranso kuti dzinali lidapulumuka nthaŵi imene mwini wake adafafanizidwa. Kuukira kwa Chilembwe kudayamba usiku wa pa 23 January 1915, pamene anthu ake adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Chilembwe adaphedwa pa 3 February chaka chomwecho, tchalitchi chake chachikulu cha njerwa chidagumulidwa ndi asilikali, ndipo mishoni idatsekedwa. Idatsegulidwanso m'chaka cha 1926 ndi Dr Daniel Sharpe Malekebu, amene adaphunzirapo pa mishoniyo ali mnyamata asanapite kukaphunzira udokotala ku America. Zonsezi zidalembedwa, ndipo wofuna kuzilondola akhoza kuyamba ndi buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, la m'chaka cha 1958.

Wina akhoza kutitsutsa ponena kuti malembo amodzimodzi amaimira zinthu zosiyana kaŵirikaŵiri. Izi n'zoona. DC ndi District Commissioner ku Chiradzulu, koma ndi District of Columbia ku Washington, ndiponso direct current kwa amisiri a magetsi. Ngakhale malembo a PIM akadatha kuimira mishoni ina: m'chaka cha 1899 Booth adayambitsa Plainfield Industrial Mission ku Thyolo, imene idagulidwa ndi mpingo wa Seventh-day Adventist m'chaka cha 1902 ndipo pambuyo pake idatchedwa Malamulo. Koma m'zitsanzo zonsezi kumasulira kulikonse kuli ndi mwini wake wodziŵika, amene tikhoza kumuloza ndi chala. Kuchuluka kwa matanthauzo kotereku kumabwera chifukwa malembo ndi oŵerengeka pamene zinthu zofuna maina n'zosaŵerengeka. Tiona tsopano kuti nkhani ya boma ndi yosiyana kotheratu.

4. BOMA: Magwero Ambiri Opanda Mwini

Chinthu choyamba chokayikitsa ndi chakuti ophunzitsa chiphunzitsochi sagwirizana okhaokha. Ena amati malembowo amaimira British Overseas Military Administration, ena amati British Overseas Management Administration, ndipo ena amati British Officers' Mess Area. Mboni zitatu zikapereka maina atatu a munthu mmodzi pabwalo la milandu, nyakwaŵa yanzeru imayamba kukayika ngati zidamuonadi munthuyo. Kusiyanaku kukusonyeza kuti anthu adayamba ndi liu lokhalapo kale, kenaka nafunafuna mau a Chingerezi oti akwanire m'malembo ake.

Tiyeni tione kumasulira koyamba. Ulamuliro wa Britain m'dziko lino udalengezedwa m'chaka cha 1891, ndipo Harry Johnston ndiye adali woyamba kuutsogolera. Dzikoli lidatchedwa British Central Africa Protectorate kuyambira mu 1893, ndipo lidasinthidwa kukhala Nyasaland mu 1907. Lidali pansi pa Foreign Office kufikira 1904, pamene lidaperekedwa ku Colonial Office. Mzungu woyang'anira dera monga Chiradzulu poyamba ankatchedwa Collector, chifukwa ntchito yake yaikulu idali kusonkhetsa msonkho. Pambuyo pake adatchedwa Resident, ndipo potsiriza District Commissioner. Pa mndandanda wonsewu palibe bungwe lotchedwa British Overseas Military Administration. Dzina loyandikirako ndi British Military Administration, ulamuliro wa asilikali umene Britain idaika m'maiko monga Eritrea ndi Somalia kuyambira mu 1941 atagonjetsedwa Ataliyana. Koma malembo ake ndi atatu okha, BMA, ndipo udabwera patapita zaka 50 chikhazikitsire ulamuliro wa Johnston kuno.

Kumasulira kwachiŵiri kuli ndi vuto linanso la kalembedwe. Mau akuti management ndi administration ali pafupi kunena chinthu chimodzi, ndipo kuwaika pamodzi kukuoneka kuti kudachitika pofuna kupeza liu loyamba ndi M basi. Liu lakuti overseas nalonso silidali lozoloŵereka m'maina a mabungwe a m'zaka za m'ma 1890. Maina a nthaŵi imeneyo adali monga Imperial British East Africa Company ya mu 1888 ndi British South Africa Company ya mu 1889. Overseas lidadza mochedwa m'maina monga British Overseas Airways Corporation, kampani ya ndege imene idayamba kuuluka mu 1940.

Kumasulira kwachitatu kumanena za malo odyera akuluakulu a asilikali. Koma likulu la asilikali lidali ku Zomba, ndipo chimene munthu wa kwa Mpama kapena kwa Kadewere ankakumana nacho pa Boma la Chiradzulu chidali ofesi ya msonkho, khoti ndi ndende. N'kovuta kuona chifukwa chimene anthu akadatchulira ulamuliro wonse ndi dzina la chipinda chodyera chimene sadaloŵemo.

Pamwamba pa zonsezi pali mfundo ya mbiri ya Chingerezi chenichenicho. Chizoloŵezi choŵerenga malembo oyamba ngati liu limodzi chidafala m'zaka za m'ma 1900, makamaka pa nkhondo ziŵiri zikuluzikulu: ANZAC ndi la mu 1915, radar ndi la mu 1940, ndipo ngakhale liu lakuti acronym, limene Angerezi amatchulira zidule zotere, lidayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1940. Chifukwa cha ichi akatswiri amakayikira liu lililonse lakale limene likunenedwa kuti ndi chidule. Angerezi eni ake ali ndi nthano zofanana ndi yathuyi: amati posh ndi port out, starboard home, ndipo news ndi north, east, west, south, koma mabuku odalirika otanthauzira mau adazikana zonsezi. Onaninso mmene makolo athu a m'zaka za m'ma 1880 ankatchulira mabungwe a Azungu. Kampani ya African Lakes sadaitchule ndi malembo ake, koma adaitcha Mandala, potengera magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira ake. Anthu osaŵerenga Chingerezi ankapereka maina kuchokera pa zimene maso ao adaona.

5. Kumene Liuli Lidachokera

Tikafunsa funso la Read lija, yankho lake likupezeka mosavuta. Henry Morton Stanley adagwiritsa ntchito liu lakuti boma m'mabuku ake a maulendo, How I Found Livingstone la mu 1872 ndi Through the Dark Continent la mu 1878, ponena za mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchinga mudzi kapena msasa. Adalimva kwa amtengatenga a ku Zanzibar amene ankayenda nao. Johann Ludwig Krapf adaliika m'buku lake lotanthauzira mau a Chiswahili limene lidasindikizidwa mu 1882, ndi tanthauzo lomwelo la linga. Mabuku onseŵa adatuluka ulamuliro wa Britain usanakhazikitsidwe kuno kapena ku Kenya ndi ku Uganda. Liuli lidatsogola, ndipo ulamulirowo udabwera pambuyo. Chofunika chachiŵiri chija chagwa, ndipo chikagwa chimenechi palibe chotsala choimikapo chiphunzitsocho.

Umboni wina ukuchokera kwa Ajeremani. M'dziko limene lero ndi Tanzania, Ajeremani adamanga nyumba zolimba za ulamuliro ku Bagamoyo, ku Mikindani ndi ku Arusha, ndipo nyumba zimenezi zimatchedwa boma kufikira lero. Sitingayembekeze kuti Mjeremani, amene ankapikisana ndi Mngerezi polanda maiko, akadalola likulu lake kudziŵika ndi dzina loyamba ndi British. M'Chiswahili liuli lidakali ndi tanthauzo lake lakale, pakuti khola la ng'ombe ndi boma, ndipo mudzi wa Amasai wozingidwa ndi minga umatchedwanso boma. Kuchulukitsa kwake ndi maboma, monga mmene zilili m'Chicheŵa. Za gwero lakale kwambiri akatswiri ali paŵiri: ena amalilondola ku Chiperisiya, ena amati ndi liu la Chibantu la m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Mbali zonse ziŵiri zimagwirizana kuti Chingerezi chidachita kubwereka liuli ku Chiswahili.

Njira imene lidadzera pofika kuno ikuonekanso. Amalonda a Chiyao ankayenda pakati pa nyanja yathu ndi madoko monga Kilwa kalekale Azungu asanafike, ndipo pamene Bishopu Charles Mackenzie adamanga msasa wake ku Magomero mu 1861 adapeza Ayao akuloŵa kale m'dera limeneli. Ku Nkhotakota kudali a Jumbe olankhula Chiswahili, ndipo ku Karonga kudali Mlozi ndi malinga ake. Johnston atabwera, gulu lake lankhondo lidali ndi Asikh ochokera ku India pamodzi ndi asilikali a ku Zanzibar ndi Amakua, ndipo malo oyamba a ulamuliro wake adali malinga enieni: Fort Johnston, Fort Anderson, Fort Lister ndi ena otero. Asilikali ndi otanthauzira olankhula Chiswahili adali nalo kale liu lotchulira malo otere.

Liuli silidabwere lokha. Bwana ndi liu la Chiswahili, ndipo bwanamkubwa, dzina limene timatchulira mkulu wa pa boma, ndi mau aŵiri a Chiswahili otanthauza bwana wamkulu. Mkubwa silipezeka pena paliponse m'Chicheŵa. Liu lakuti msilikali limafanana ndi serikali, limene m'Chiswahili limatanthauza ulamuliro wa dziko, ndipo abale ake akupezeka m'Chiganda, omuserikale, ndi m'Chinyarwanda, umusirikare. Apa pali kusinthana kochititsa chidwi: liu la Aswahili la ulamuliro lidasanduka kwa ife dzina la munthu wonyamula mfuti, pamene liu lao la linga lidasanduka dzina la ulamuliro. Boma, bwanamkubwa ndi msilikali ndi mau a banja limodzi, ndipo adafika pa ulendo umodzi.

6. Kukula kwa Tanthauzo

Monga PIM, liu lakuti boma lili ndi matanthauzo angapo amene adaphukirana:

(5) Mawa ndilaŵirira ku boma kukaonana ndi a DC.
(6) Boma la Chiradzulu lachita malire ndi Blantyre, Zomba ndi Thyolo.
(7) Dziko la Malaŵi lili ndi maboma 28.
(8) Boma lakweza msonkho.
(9) Mwana wao adapeza ntchito m'boma.

Tanthauzo lidayamba pa linga, lidasamukira pa maofesi a m'kati mwa lingalo, kenaka pa tauni yomera mozungulira maofesiwo, kenaka pa dera lonse lolamulidwa kuchokera pamenepo, ndipo potsiriza pa mphamvu yosaoneka imene imalamula dziko. Kusuntha kotereku, kochoka pa nyumba kupita pa ulamuliro wokhala m'nyumbamo, kumapezeka m'zilankhulo zambiri. Kremlin ndi liu la Chirasha lotanthauza linga la m'kati mwa mzinda, koma anthu amalitchula ponena za olamulira a ku Moscow. Farao wa m'Baibulo ndi dzina lochokera ku mau a Chiigupto otanthauza nyumba yaikulu. Ifenso timati Capital Hill yalamula, ngakhale phiri silitha kulamula. Palibe chifukwa chofunira chidule pofotokoza chinthu chimene malamulo odziŵika a kusintha kwa matanthauzo akuchifotokoza mokwanira.

7. Chifukwa Chake Chiphunzitsochi Chimakoma

Sitingachite chilungamo tikangonena kuti okhulupirira chiphunzitsochi adasokera, osafunsa chimene chidawakopa. Tikuona zifukwa zitatu.

Choyamba, tanthauzo lakale la boma silidakhazikike m'Chicheŵa, pakuti tidali nao kale mau athu: linga, mpanda ndi khola. Liu lobwerekalo lidagwira ntchito imodzi yokha, ya ulamuliro wa atsamunda, ndipo Mcheŵa akaliyang'ana sapezamo tsinde limene angalizindikire. Liu lopanda abale odziŵika limaitana anthu kuti alipezere makolo.

Chachiŵiri, m'badwo umene udakula ndi ADMARC, ESCOM, MBC ndi MCP udazoloŵera kuti dzina lililonse lalifupi lokhudza ulamuliro limabisa mau a Chingerezi. Ku Chiradzulu komweko, kumene bungwe la MSF lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'chaka cha 2001, malembo akuti ARV adaloŵa m'chilankhulo cha m'midzi m'zaka zoŵerengeka, nalandira ma- wochulukitsa. Munthu wozingidwa ndi zidule zenizeni zochuluka chotere sangadabwe kumva kuti boma ndi chimodzi mwa izo.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, chiphunzitsochi chili ndi choonadi china m'kati mwake. Kwa anthu a ku Chiradzulu a m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, boma lidalidi chinthu cha Angerezi. Ndilo linkafuna msonkho wa nyumba, ndilo linkaima kumbuyo kwa eni minda pa nkhani ya thangata, ndipo ndilo lidagumula tchalitchi cha ku Mbombwe mu 1915. Wonena kuti B amaimira British akunena zoona za chinthucho, ngakhale akulakwa za liulo. Koma ntchito ya wofufuza magwero a mau ndi kusiyanitsa ziŵirizi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere zake ndi izi. Chiphunzitsochi chimapereka kwa Angerezi liu limene iwo eni adachita kubwereka kwa Aafirika. Chimafafaniza m'mbiri ya chilankhulo chathu anthu onse amene adaima pakati pa Mzungu ndi mudzi, ndiwo amalonda, amtengatenga, asilikali, otanthauzira ndi akapitao, amene pakamwa pao ndipo padadzera mau ambiri a ulamuliro watsopanowo. Chimaphunzitsa mwana wa sukulu kuti liu lililonse lofunika liyenera kukhala ndi gwero la ku Ulaya, pamene Chicheŵa chidabwereka ku mbali zambiri: kalata, nsapato ndi kapitao ku Chipwitikizi, bwana ndi boma ku Chiswahili, sukulu ndi buku ku Chingerezi. M'dera ngati Chiradzulu, m'mene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala moyandikana kwa zaka zoposa 100, kuiŵala njira ya kum'maŵa imene mau adadzera ndi kuiŵala gawo la mbiri ya eni dera. Choopsa china n'chakuti chimazoloŵeretsa ophunzira kulandira mafotokozedwe chifukwa chakuti akukoma m'khutu, osafunsa chaka kapena chikalata.

8. Mau Omaliza

Taika maina aŵiri pa muyeso umodzi. PIM lapambana mayeso onse atatu: lili ndi bungwe, lili ndi chaka cha 1900, ndipo lili ndi kumasulira kumodzi, ngakhale matanthauzo ake achuluka m'kupita kwa nthaŵi. Boma lalephera onse atatu ngati chidule, pakuti bungwe lake silipezeka, liulo lidalembedwa mu 1872 ulamuliro wa Britain usanafike, ndipo omasulira ake sagwirizana. Ndi liu la Chiswahili lotanthauza linga, limene lidakula m'Chicheŵa kufikira kutanthauza ulamuliro wa dziko.

Tikupempha aphunzitsi a Chicheŵa ndi a mbiri yakale kuti aleke kulemba liuli ndi malembo aakulu okhaokha ngati chidule, ndipo m'malo mwake agwiritse ntchito nkhaniyi pophunzitsa ana mmene gwero la liu limafufuzidwira. Tikupemphanso okonza mabuku otanthauzira mau, makamaka a ku Centre for Language Studies imene idaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kuti pa mau obwereka otere azionetsa chilankhulo chimene liu lidachokera. Ntchito ina yoyenera kuchitika ndi kusonkhanitsa zidule zenizeni zimene zasanduka maina a malo m'dziko muno, monga PIM ndi Wenela, pamodzi ndi mmene anthu a m'deralo amazitchulira, pakuti m'badwo umene udaona mabungwe ena mwa amenewo akugwira ntchito ukunka nutha.